Ndikabenda nsambo gitala imamveka ngati yosachuna: cholakwika n'chiyani?

Funso: Ndakhala ndikuimba lidi gitala mu bandi ya kutchalitchi kwathu kwa zaka ziwiri. Sebene ndi nyimbo zina zothamanga sizindivuta. Koma ndikayesa kubenda nsambo, kapena kuti kuikankhira m'mbali kuti mawu akwere, monga amachitira oimba blues ndi rock amene ndimawaonera pa YouTube, zimamveka ngati gitala yanga sinachunidwe, mpaka wa kiyibodi amanditembenukira. Zala zimapweteka, ndipo nsambo yaing'ono ija yaduka katatu m'miyezi iwiri. Kodi vuto ndi gitala yanga yotchipa, kapena zala zanga n'zofooka?

Yankho: Achimwene, zala zanu musaziimbe mlandu, ndipo gitala yanuyo ngati ili ndi mbali pa nkhaniyi ndi yochepa. Wa kiyibodi akamakutembenukirani amakhala akukuuzani zoona: pamene mukukaima mukakankha nsambo si pa noti ya nyimboyo. Ambiri amene ndawaphunzitsa anabwera ndi dandaulo lomweli, ndipo nditawamvetsera ndinapeza kuti amakankha nsambo asakudziwa kumene akupita. Amangokankha, chimene chituluke n'chomwecho.

Taganizirani chifukwa chake sebene sikuvutani. Mafureti, tizitsulo topingasa ta pa mpini wa gitala, anayezedwa kale ndi amene anaipanga. Mukadina pa fureti ya 7, noti imatuluka yolondola kaya khutu lanu lili maso kaya lili m'tulo. Zaka ziwiri zonsezi mafureti akhala akukugwirirani ntchito ya khutu. Tsono mukangoyamba kukankha nsambo cham'mbali, mwachoka m'manja mwa fureti. Nsambo ikukokeka, mawu akukwera, mofanana ndi mmene amakwerera mukamapotokola kachitsulo kochunira, ndipo palibe chimene chikuimitseni pamalo oyenera koma khutu lanu lokha. Pa kamphindi kameneko mwasanduka woimba wa pakamwa. Woimba kwaya akakwera n'kukathera pansi pang'ono pa noti, tchalitchi chonse chimamva kuti chinachake chalakwika ngakhale anthu sangachitchule. Gitala n'chimodzimodzi.

Popeza ndinu wa kutchalitchi, do re mi mumaidziwa, ndiye tiyeni tigwiritse ntchito imeneyo. Titenge kiyi ya C. Pa nsambo yachitatu kuwerenga kuchokera ku yaing'ono, ya G, fureti ya 7 ndi D, amene ndi re. Fureti ya 9 pa nsambo yomweyo ndi E, amene ndi mi. Kubenda kodziwika kwambiri pa gitala yonse ndi kumeneku, kuchoka pa re kukafika pa mi chala chili pa fureti ya 7 pomwepo. Pa nsambo yachiwiri, ya B, fureti ya 8 ndi so, ndipo mukaikankha bwino ikafike pa la, mawu a pa fureti ya 10. Pa nsambo yoyamba fureti ya 8 ndi do, yokafika pa re. Malo atatu amenewa ndi omwenso oimba blues amagwiritsa ntchito akamaimba mu A minor, chifukwa manoti ake ndi amodzi ndi a C. Onse atatu ndi mtunda wa mafureti awiri.

Apa ndi pamene ambiri amagwera m'mbuna. Si noti iliyonse imene ili ndi mnzake pa mtunda wa mafureti awiri. Kuchoka pa mi kupita pa fa ndi fureti imodzi. Kuchoka pa ti kupita pa do ndi fureti imodzinso. Dzanja likazolowera kukankha mtunda umodzi womwewo paliponse, tsiku lina mudzaima pa mi, pa nsambo yachiwiri fureti ya 5, n'kukankha mafureti awiri, ndipo mudzakagwera pa F sharp, noti imene mu kiyi ya C mulibe. Mwakankha mwamphamvu, mwakankha mwaukhondo, koma mwakafika kwa eni. Ndikuganiza kuti zina mwa nthawi zimene wa kiyibodi wakuyang'anani zinali zoterezi. Choncho musanabende, funso loyamba likhale lakuti: ndili pa noti iti, ndipo yapamwamba pake ili kutali bwanji?

Zochita zake n'zosavuta kufotokoza koma zimafuna kudekha. Lizani fureti ya 9 pa nsambo yachitatu. Isiyeni ilire mpaka izirale. Iimbeni ndi pakamwa, mokweza, musachite manyazi. Kenako bwererani pa fureti ya 7, lizani, kankhani pang'onopang'ono mpaka mawu a gitala akumane ndi amene ali m'kamwa mwanu, ndipo imani pomwepo. Musabwerere msanga. Khalani pamenepo masekondi atatu kapena anayi, chifukwa kufika ndi nkhani ina, kukhala ndi nkhani inanso: ambiri amafika bwinobwino kenako dzanja limafooka, noti n'kumatsika osazindikira. Bwerezani kakhumi, musinthe malo, mubwerezenso.

Pali njira ina imene ndimaikonda kuposa zonse chifukwa siinama. Dinani nsambo yachiwiri pa fureti ya 5 ndi chala chamkombaphala, ndipo nsambo yachitatu pa fureti ya 7 ndi chala cha mphete. Lizani zonse ziwiri pamodzi, mukankhe yachitatu yokha. Yachiwiriyo ikulira E, ndipo yachitatu ikupita ku E yemweyo. Zikamayandikana mudzamva mawu akumenyana, kugwedezeka kwina kwake ngati wa-wa-wa kothamanga. Mukamayandikira, kugwedezekako kumachepa liwiro. Mukafika ndendende kumatheratu, nsambo ziwiri n'kulira ngati imodzi yonenepa. Jimi Hendrix, katswiri wa gitala wa ku America, ankakonda kwambiri kaimbidwe kameneka m'nyimbo zake, koma kwa inu pakadali pano ndi sikelo yoyezera khutu. Kapulogalamu kochunira gitala ka pa foni mungakagwiritse ntchito, koma mwa dongosolo ili: bendani osayang'ana, imani pamene khutu lanu lakuuzani kuti mwafika, kenako muyang'ane kuti muone ngati munalondola. Mukamabenda maso ali pa foni mudzaphunzitsa maso, khutu n'kutsala mmene linalili.

Tsopano za kupweteka kwa zala. Ndikhulupirira kuti mumakankha ndi chala chimodzi, ndipo mumachiwongola kuti chikankhe. Akuluakulu anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo pa mpini wa gitala mawuwa ndi enieni osati fanizo. Chala cha mphete chidine noti, chapakati chikhale kumbuyo kwake pa nsambo yomweyo, pa fureti ya 6, ndipo nthawi zambiri chamkombaphala nachonso chithandizire kumbuyo kwa ziwirizo. Zala zitatu pa nsambo imodzi. Zikhale zopindika ndi zolimba ngati mbedza, zisamawongoke ndi kupindika pamene mukubenda. Mphamvu yeniyeni imachokera ku mkono. Chala chachikulu chikwere pamwamba pa mpini n'kukolowekapo, tsinde la chala chamkombaphala litsamire m'mphepete mwa mpini cham'munsi, ndiyeno mupotokole dzanja lonse monga mmene mumapotokolera chogwirira cha chitseko. Zala zimangonyamula nsambo kupita nayo kumene mkono ukuitumiza. Amene anaphunzira gitala ya classical anauzidwa kuti chala chachikulu chizikhala kuseri kwa mpini nthawi zonse, ndipo pa kaimbidwe kawo n'zoona, koma pobenda lamulo limenelo lisiyeni.

Nsambo zitatu zazing'ono muzikankhira kumwamba, cha kudenga. Yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi muzikokera pansi, chifukwa mukazikankhira kumwamba zidzagwera kunja kwa mpini. Yachinayi mungaipititse mbali iliyonse. Ndipo poyamba phunzirirani pakati pa fureti ya 7 ndi ya 12 kapena kupitirirapo pang'ono. Kumeneko nsambo ili kutali ndi malo awiri amene inamangidwa, ndiye imagonja mosavuta. Kubenda pa fureti ya 2 ndi ntchito yakalavulagaga ngakhale kwa akatswiri.

Khungu la kunsonga kwa zala lidzapweteka milungu ingapo yoyamba kenako lidzakhuthala. Mphindi 10 kapena 15 patsiku n'zokwanira. Matuza akatuluka, kapena khungu likayamba kulekana ndi chikhadabo, pumulani masiku awiri kapena atatu. Ululu wa m'mfundo ya dzanja kapena m'chigongono ndi wina, umenewo si wopirira, ndi chizindikiro chakuti kagwiridwe kalakwika kapena nsambo n'zolemera kwambiri.

Za zala zofooka, ndikuuzeni za Tony Iommi wa gulu la Black Sabbath la ku Birmingham. Ali ndi zaka 17 anaduka nsonga za zala ziwiri za dzanja lodinira pa ngozi ya m'fakitale. Anadzipangira tizivindikiro tovala kunsonga kwa zalazo, nayamba kugwiritsa ntchito nsambo zopepuka kwambiri, ndipo wakhala akubenda moyo wake wonse. Billy Gibbons wa ZZ Top amaimbira nsambo zopyapyala zedi, zimene yaing'ono yake kunenepa kwake ndi .007 ya inchi, ndipo amafotokoza kuti amene anamutembenuza mtima ndi B.B. King, katswiri wa blues, yemwe atagwira gitala ya Gibbons ya nsambo zolemera anamufunsa chifukwa chimene ankadzivutitsira chotero. Mbali inayi kuli Stevie Ray Vaughan amene ankaimbira nsambo zonenepa, zoyambira cha pa .013, koma iyeyo ankatsitsa chuni cha gitala yonse ndi fureti imodzi, kukhala E flat, kuti zifeweko. Anyamata ambiri amamva za Vaughan n'kuganiza kuti nsambo zolemera ndiye umuna. Ine maganizo amenewo sindigwirizana nawo. Gulani seti yoyambira pa .009 n'kuthera pa .042. Mukadzaona kuti mukupitirira noti chifukwa nsambo zafewetsa, mudzakwere pa .010.

Onetsetsaninso nsambo yanu yachitatu. Ikakhala yokulungidwa ndi kawaya kena pamwamba, monga zimakhalira pa magitala ambiri a bokosi, kubenda mafureti awiri kudzakuvutani kwabasi. Imafunika yosalala, yosakulungidwa. Kale maseti ambiri ankabwera ndi yachitatu yokulungidwa ndiponso yolemera, ndipo oimba ngati James Burton, amene ankaimbira Ricky Nelson chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ankatenga nsambo za banjo n'kuika pa gitala kuti athe kubenda. Ernie Ball, wogulitsa magitala wa ku America, ataona kuti anthu akufuna zimenezi anayamba kugulitsa maseti opepuka otchedwa Slinky mu 1962. Nkhani imeneyi imandisangalatsa chifukwa imandikumbutsa anyamata a kumudzi amene amasula waya wa mabuleki a njinga n'kumanga pa banjo ya chigubu. Woimba akafuna mawu enaake amawasaka ndi chimene chili pafupi.

Gitala yanu yotchipa ingakhale ndi timavuto titatu kapena tinayi, tonse tokonzeka. Ngati nsambo yoyamba imadukira malo amodzimodzi, kumunsi pa buliji, pamene nsambo zimathera pa thupi la gitala, ndiye kuti pa kachitsulo kamene imatsamirapo pali kakuthwa. Kasalazeni ndi sandipepa yosalala kwambiri. Ikamadukira paliponse, yang'anani dzimbiri, makamaka nyengo ya dzinja, ndipo muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma mukamaliza kuimba. Dziwaninso kuti nsambo yoyamba imafuna kuyenda mtunda wautali kuposa yachitatu kuti ikwere mafureti awiri, n'chifukwa chake ndi imene imaduka kawirikawiri. Ngati mukabenda gitala imatsala itasokonekera chuni, kokanikokani nsambo zatsopano ndi dzanja n'kuchunanso kangapo mpaka zikhazikike, ndipo m'timipata ta kumutu mmene nsambo zimadutsa mupakemo mtovu wa pensulo kuti zisamakakamire. Ngati gitala yanu ndi ya mtundu wa Stratocaster ndipo buliji yake imayandama pa masipuling'i, mukakankha nsambo imodzi bulijiyo imadzuka, zinazo n'kutsika mawu, inunso n'kufunika kukankha mopitirira. Tsegulani kuseri, mumange zomangira ziwiri zokoka masipuling'iwo mpaka buliji igone pa thupi la gitala. Ndipo ngati noti imafa ikafika pamwamba, makamaka kupitirira fureti ya 12, ndiye kuti nsambo ikugunda fureti ya kutsogolo. Ikwezeni pang'ono pa buliji. Nsambo zotsika kwambiri n'zabwino pa sebene, koma pobenda zimachititsa kuti zala zitsetsereke pamwamba pa nsambo zoyandikana nazo m'malo mozikankhira limodzi.

Nsambo zoyandikanazo zili ndi vuto lake. Mukakankha yachitatu imakagunda yachinayi, ndipo pobwerera yachinayiyo imalira yokha. Pa ampu yokweza, makamaka mukaponda distortion, kachipangizo kosasitsa mawu a gitala, phokoso limeneli limaipitsa zonse. Chikhatho cha dzanja logwira piki chigone mopepuka pa nsambo zonenepa zimene simukuziliza, ndipo mimba ya chala chamkombaphala ikhudze zazing'ono zimene zili m'munsi mwa imene mukubenda. Poyamba zidzaoneka ngati ntchito zambiri nthawi imodzi, koma manja amazolowera msanga kuposa mmene mungaganizire.

Mukatha kufika pa noti molondola, m'pamene nkhani yokoma imayambira, ndipo ndikufuna muimvetse chifukwa ndiyo inakukokani pa mavidiyo aja. B.B. King, amene anabadwira ku Mississippi mu 1925 n'kumwalira mu 2015, ankanena yekha kuti ankasirira mbale wake Bukka White amene ankaimba motsetsereka ndi kachitsulo pa nsambo. Iye njira imeneyo inamukanika, ndiye anayamba kusaka mawu omwewo ndi zala zokha, kukankha ndi kunjenjemeretsa nsambo. Akuluakulu a kwathu kuno amakumbukira kaimbidwe ka hauyani, dzina lochokera ku Hawaii, komwe woimba ankatsetsereka ndi botolo kapena mpeni pa nsambo. Chimene onsewa ankafuna ndi chimodzi: mawu amene ali pakati pa fureti ndi fureti, kumene mawu a munthu amadutsa akamadandaula, akamachonderera, akamalira maliro. Sitinena pachabe kuti munthu akuliza gitala.

Ndiye noti imodzi yomweyo, re kupita pa mi, ili ndi njira zambiri zofikirapo ndipo iliyonse imanena zake. Mukakankha mwachangu, khutu limamva mi yekha wokhala ndi kamphamvu kumayambiriro, ngati munthu woitana mnzake ali patali. Mukakwera pang'onopang'ono, kutenga mabiti awiri kapena atatu, omvera amagwira mpweya kudikira kuti mufike, ndipo m'nyimbo yachete yopembedza kukwera koteroko kumalasa mtima kuposa manoti makumi awiri othamanga. Mungathenso kukankha nsambo mwakachetechete musanailize, kenako n'kuiliza ili pamwamba n'kuitsitsa. Pamenepo pamamveka kutsika kokha, ngati kuusa moyo. Imeneyi ndi mayeso enieni, chifukwa simumva kalikonse pokwera, dzanja liyenera kudziwa lokha mtunda wake. Palinso kubenda kosafika n'komwe pa fureti imodzi. Mu A minor, pa nsambo yachitatu fureti ya 5, kokani pang'ono chabe ndi chala chamkombaphala pamene noti ikutha, muidule isanabwerere. Kakang'ono kameneko ndiko kafungo ka blues, ndipo n'kosiyana ndi kuphonya noti chifukwa mwakachita dala, pa noti yake, pa nthawi yake.

Kudula kumeneku n'kofunika paliponse. Mukafika pamwamba ndipo simukufuna kuti kutsika kumveke, gwirani nsambo ndi piki kapena chikhatho kaye, kenako mumasule dzanja. Mukamasula isanazime, pamamveka kamawu kolefuka kotsikira pansi, kamene kamaulula wophunzira msanga kuposa china chilichonse.

Kunjenjemeretsa noti muli pamwamba, kumene oimba amati vibrato, kusiyeni kaye mpaka miyezi ingapo ipite. Nthawi yake ikadzakwana, fikani pa noti, muime kaye kuti imveke bwino, ndiyeno muzitsitsa pang'ono n'kubwerera pa noti yomweyo mofanana, mogwirizana ndi biti ya nyimbo. Ambiri amayamba kugwedeza asanafike kuti abise kuti sali otsimikiza, ndipo zimamveka.

Pa omvetsera, ndikupatsani Albert King. Anali wamanzere, ndipo ankaimba gitala ya Gibson Flying V ataitembenuza osasintha nsambo, kotero kuti zazing'ono zinali kumwamba ndipo iye ankazikokera pansi m'malo mozikankha. Kukoka kuli ndi mphamvu kuposa kukankha, n'chifukwa chake ankatha kutulutsa manoti atatu kapena anayi pa fureti imodzi. Manoti ake ndi ochepa kwambiri moti mungathe kuwatsatira limodzi ndi limodzi. Mverani zimene anajambula ku kampani ya nyimbo ya Stax, mumzinda wa Memphis, m'zaka za m'ma 1960. Tengani kachigawo kamodzi ka masekondi asanu, mukaimbe ndi pakamwa mpaka mukaloweze, kenako mukasake pa gitala. Mukafuna za pafupi ndi kwathu, sakani Zamrock ya ku Zambia ya m'ma 1970, magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Anyamata amenewo anamva Hendrix n'kumuika m'nyimbo zawozawo, zina za m'Chinyanja, ndipo mudzamva mmene nsambo yobendedwa imakhalira pambali pa chilankhulo chathu.

M'bandi yanu musafulumire kubenda paliponse. Sebene imakoma ndi manoti oyera, odukaduka, othamanga, ndipo kubenda kwambiri kumaithira madzi. Sankhani nyimbo imodzi yachete imene mpingo umaidziwa bwino. Phunzirani kuliza mawu ake enieni, amene oimba amaimba, pa nsambo yachiwiri ndi yachitatu. Kenako pezani malo awiri okha pamene woimba wotsogolera amakwera kuchoka pa re kupita pa mi kapena pa so kupita pa la, ndipo pamenepo m'malo modina fureti yapamwamba, bendani. Pa pulakatisi mupemphe wa kiyibodi yemwe uja kuti akugwirireni noti imene mukupitako, aigwire nthawi yaitali, inu muzikwera kukakumana nayo. Jambulani pa foni, mukamvetsere kunyumba mawa lake khutu litapuma, ndipo mulembe pa kapepala malo amene munaperewera ndi amene munapitirira, kuti mudziwe poyambira pa pulakatisi yotsatira.